Kawaya Kabuluu pa Bolodi Langa

1

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, chifukwa ndikachedwa ndiyamba kudzikometsera. Ndinanama pamaso pa aphunzitsi asanu a ku yunivesite, ndipo bodza langalo linachotsetsa sukulu mwana wa azakhali anga. Anandifunsa funso limodzi, ine n'kuyankha kuti sindikudziwa, chikhalirecho ndinkadziwa.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndili m'chaka chomaliza cha digiri ya masitazi ya uinjiniya wa zipangizo zamagetsi. M'mawa ndinkagwira ntchito pa fakitale ina, madzulo ndi Loweruka ndinkakhala mu labu. Kuti andipatse digiri ndinayenera kupanga chinthu changachanga, ndipo ine ndinapanga kachipangizo koteteza mota ya pampu ya madzi. Magetsi akafooka kapena akabwera ndi ukali, mota imapsa. Kanga kankamva zimenezi msanga n'kuzimitsa pampu, zinthu zikakhazikika n'kuiyatsanso. Zonse zinali pa bolodi lobiriwira, kukula kwake ngati chikhatho changa. Kampani ina ya mumzinda wakutali inali itandilonjeza kale ntchito ndikangotenga pepalalo.

Amuna anga ankakonza mafoni m'kashopu kopanikiza pafupi ndi siteji ya basi, ndipo aliyense ankangowatcha Adokotala. Sukulu sanapite nayo patali, koma manja okhawo, abale, Mulungu anawakondera. Ine ndikagwira chitsulo chowotcherera dzanja linkachita ngati la munthu wa malungo. Iwo ankamata timiyendo ta kachipu, kaubongo ka pa bolodi, uku akukambirana za mpira ndi kasitomala. Apulofesa anga, mayi wachikulire wosaseka ndi munthu, analola kuti zowotcherera azindithandiza amuna angawo, bola nzeru zikhale zanga.

"Injiniya wanji woopa moto?" ankandiseka Adokotala. "Bweretsa kuno usanawotche nyumba ya eni ake."

Ine ndinkauza anzanga kuti ndinakwatiwa bwino, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima.

2

Mabolodi anga asanu atabwera kuchokera kowasindikiza, palibe limene linagwira ntchito. Ndinafufuza masiku atatu, mutu kuchita kuwira. Kenako ndinapeza kuti wolakwa ndine: pojambula ndinalunjikitsa kanjira ka mkuwa ku mwendo wachisanu wa kachipu m'malo mwa wachinayi. Mankhwala ake ndi odziwika. Umadula kanjirako ndi lezala, n'kulumikiza pamalo poyenera ndi kawaya.

Adokotala anakonza onse asanu Lamlungu masana patebulo lathu lodyera. Iwo ali ndi chizolowezi chimene sindinaonepo kwa munthu wina: asanawotcherere waya amayamba aupinda kawiri pa nsonga ya bolopeni, kuti ukhale ndi kampiringidzo. Amati waya wowongoka umaduka msanga chinthu chikagwa. Tsiku limenelo anagwiritsa ntchito kawaya kabuluu kamene anasolola m'chaja yakufa.

Ine ndinali pambali ndikulemba m'buku la mu labu. Limeneli ndi lamulo la Apulofesa: masamba ake ali ndi manambala, ulembe ndi bolopeni, osafufuta, osang'amba, ndipo Lachisanu lililonse iwo ankasaina ndi kulemba tsiku pansi pa tsamba. Cholakwa chilichonse ulembe momwe chinachitikira.

"Anzako amabisa manyazi awo, iwe ukulemba m'buku?" anatero amuna anga.

"Ndi lamulo, bambo."

"Sukulu imapusitsa anthu."

Patatha mlungu anandiuza kuti bolodi limodzi lapsa poliyesa kushopu, alitaya. Sindinafunse zambiri. Anayi anali okwanira.

3

Msuweni wanga, mwana wa azakhali uja, tinkamutcha Magalasi, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankavala magalasi okhuthala omwe ankangotsetsereka pamphuno. Ndine ndinamukopa kuti achite maphunziro omwewa. Anali ndi mphunzitsi wina, labu yake inali pansanjika ya pamwamba, ndipo onse a chaka chathu tinapatsidwa mutu umodzi waukulu wa zoteteza makina ku magetsi. Kuonetsana mabolodi kunali koletsedwa mpaka tsiku la mayeso.

Kwathu ankabwera pafupifupi Lamlungu lililonse. Akangolowa, Adokotala ankayamba.

"Afika akazi anga aang'ono. Injiniya, sendera uko."

"Alamu, mundilipirire kaye saluni, kenako tikambirane," ankayankha Magalasi, tonse n'kuseka.

Koma patapita milungu ingapo bolodi lija litatayidwa, kuseka kunatha. Chipangizo chake chinali chitalephera kawiri, ndipo mphunzitsi wake anamupatsa mwayi womaliza. Analira kukhitchini kwanga mpaka magalasi kuchita nkhungu. Ndinamutonthoza, koma kunena zoona maganizo anga anali pa ntchito yanga. Amuna anga ndi amene anamuperekeza kukakwera basi, ndipo anachedwako ndithu.

Patapita miyezi iwiri Magalasi anandiimbira foni akuseka yekha. Anali ataonetsa ntchito yake ndipo anakhoza. Ndinakondwera naye, ndinamugulira nsapato. Tsiku langa linali patsogolo ndi milungu itatu.

4

Tsiku langalo silinafike. Kutatsala masiku anayi, mlembi wa dipatimenti anandiitana n'kundipatsa envulopu osandiyang'ana kumaso. Mayeso anga aimitsidwa. Dipatimenti yalandira kalata yopanda dzina yonena kuti chipangizo changa ndinakopera kwa wophunzira wina amene anaonetsa kale chake. Ndikaonekere ku komiti Lachiwiri ndi bolodi langa komanso buku la mu labu. Ndikapezeka wolakwa, sukulu yathera pomwepo.

Ndinakhala pa benchi la pakhonde. Zaka ziwiri zodzuka m'bandakucha, zokana maukwati ndi maphwando, zithere pa mawu oti wakuba? Ndinapita molunjika kushopu.

Adokotala anawerenga kalata ya komitiyo pang'onopang'ono, n'kupukusa mutu.

"Anthu ndi afiti," anatero. "Koma Injiniya, usadzipweteke. Zikakanika zakanika. Ntchito ya kufakitale ilipo, shopu ilipo, sitifa ndi njala."

"Zikanike bwanji? Sindinabere munthu ine."

"Ndikudziwa, mayi. Ndikungonena."

Anandigulira botolo la chakumwa chozizira, anandipukuta misozi ndi mpango wawo. Ndinathokoza Mulungu pondipatsa munthu wotere.

5

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali ndi fani imene inkalira osazungulira bwino. Aphunzitsi asanu anakhala mbali imodzi. Chitseko chitatseguka kuti wophunzira winayo alowe, ndinangoti kakasi. Anali Magalasi.

Nayenso anaima pakhomo ngati walakwitsa chipinda. "Asisi?"

Wapampando anaika mabolodi awiri pakati pa tebulo. Anali amodzi. Kukula, mtundu, malo a tizipangizo tonse, ngati ana amapasa. Apulofesa anga anatembenuza la Magalasi ndi nsonga ya pensulo.

"Mwana wanga, kawaya aka n'kachiyani?"

Magalasi anakankha magalasi ake ndi chala. "N'koyesera, Apulofesa. Kuyeza mphamvu ya magetsi."

"Nanga kanjira aka anakadula ndi lezala chifukwa chiyani?"



Apulofesa anatsegula buku langa pa tsamba makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri, n'kuwerenga mokweza momwe ndinasokonezera mwendo wachinayi ndi wachisanu. Pansi pake panali siginecha yawo ndi tsiku, miyezi itatu Magalasi asanaonetse ntchito yake. Buku la Magalasi linalibe chilichonse chokhudza zimenezi.

Koma ine sindinkamvanso zowerengazo. Maso anga anali pa kawayako. Kabuluu, kopindidwa kawiri, kampiringidzo kake kofanana ndi nsonga ya bolopeni. Limeneli linali bolodi lachisanu, lija linapsa n'kutayidwa.

"Bolodi ili munalipeza bwanji?" wapampando anafunsa Magalasi.

"Anandipatsa munthu."

"Ndani?"

Anandiyang'ana. Koma dzina sanatchule.

Wapampando anatembenukira kwa ine. "Mayi, ngati pali munthu wina pakati pa nkhaniyi, zingasinthe chigamulo chathu pa mnzanuyu. Mukudziwa momwe bolodi lanu linachokera m'manja mwanu?"

Ndinaganiza za dzina la amuna anga likulembedwa m'mabuku a yunivesite. Ndinaganiza za amayi, za apongozi, za akutchalitchi, za anzanga aja ndinkawauza kuti ndinakwatiwa bwino. Ndipo ndisabise, ndinali nditapsa mtima ndi mtsikanayu. Mumtima ndinati mwamuna sapereka chinthu chotere kwaulere, ndiye kuti nthabwala za akazi aang'ono zija sizinali nthabwala.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Mwina analitenga kunyumba kwanga. Amabwerako kawirikawiri."

Komiti inagamula kuti Magalasi anaba m'nyumba ya m'bale wake n'kunamiza yunivesite. Anamulanda zotsatira zake n'kumuchotsa sukulu. Ine anandipepesa n'kundipatsa tsiku latsopano.

6

Kunyumba ndinangonena kuti zatha bwino. Adokotala anati, "Ambuye alemekezeke," koma chakudya anangochigwiragwira. Za Magalasi sanafunse, inenso sindinanene. Kwa milungu iwiri ndinkawaphikira, kuwachapira, uku ndikuwayang'ana ndi diso la kumbali. Azakhali anasiya kuyankha foni yanga.

Loweruka lina ndinalephera kupirira, ndinapita komwe Magalasi ankachita lendi. Ndinamupeza akulongedza mabuku m'makatoni. Sanandipatse mpando.

"Unayamba liti kugona ndi amuna anga?"

Anaseka kuseka kopanda mano. "Ndiye zimene mukuganiza? Asisi, ine ndi Alamu? Mundilemekezeko pang'ono."

"Nanga anakupatsiranji bolodi langa?"

"Anati ndi lawo. Tsiku lija anandiperekeza kubasi anandiuza kuti ali ndi chinthu chimene ankapanga okha kushopu, chikungowola, bola chindithandize. Anandipatsa ndi zojambula zake, zolembedwa ndi dzanja lawo m'kabuku. Anati ndisakuuzeni, mungakhumudwe kuti akuthandiza ine m'malo mwa inu. Ankandiimbira foni tsiku ndi tsiku kuti ndifulumire, ndionetse inu musanaonetse."

"Ndiye iwe n'kulandira?"

"Ndinalandira. Ndinali m'madzi ofika m'khosi. Kulakwa ndinalakwa, chinthu sichinali changa, ndipo chilango ndinayenera kulandira. Koma m'nyumba mwanu sindinabemo ngakhale supuni." Anatseka katoni. "Ku komiti kuja ndinasunga dzina lawo chifukwa cha banja lanu. Ndinkadikira kuti inu munene chinachake. Munanenadi."

Ndinatuluka nkhope ili pansi. Koma onani kupusa kwa mtima wa mkazi wokonda: m'basi ndinayamba kumva kupepukidwa. Palibe chibwenzi. Amuna anga angochita chifundo cha uchitsiru, anamvera chisoni mlamu wawo osaganiza za mapeto ake. Pofika pakhomo n'kuti nditawakhululukira theka.

7

Mayeso anga ndinakhoza bwino. Anthu atabalalika, Apulofesa anandiitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Kampani ija inandiimbira," anatero. "Nawonso analandira kalata yonena kuti ndiwe wakuba nzeru za ena. Ndawafotokozera, ntchito yako ilipo. Koma ndakhala ndikudzifunsa: ndani ankadziwa kuti mabolodi awiriwa ndi ofanana, iwe usanaonetse lako kwa aliyense? Ndipo ndani ankadziwa kampani imene ikukufuna?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala. "Sindiyenera kukuonetsa. Koma ndili ndi ana aakazi inenso."

Inali kalata yopanda dzina ija. Yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, zopendekera kumanzere, chilichonse chili pachokha. Zilembo zimenezo ndinkaziona tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi zinayi, pa timapepala tomata kumsana kwa mafoni a makasitomala.

"Ukulidziwa dzanja limeneli?"

Ulendo uno sindinaname. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Apulofesa, mayi wosaseka ndi munthu uja, anazungulira tebulo n'kundigwira paphewa.

8

Adokotala ndinawapeza kushopu ataweramira foni, galasi lokulitsa zinthu lili pamaso. Ndinadikira kasitomala atuluke, kenako ndinakoka chitseko cha shopu.

"Ndaiona kalata yanu."

Sanafunse kuti kalata iti. Anabwezera chitsulo chowotcherera pamalo pake mosamala, n'kuchizimitsa.

"Buku lija," anatero. "Sindinadziwe kuti amalisaina."

Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba. Osati pepa, osati ndinalakwa. Ankadandaula kuti msampha wawo sunagwire.

"Ndinakulakwirani chiyani, bambo?"

"Ukanapita ku mzinda wakutali uja."

"Tikanapita tonse. Tinagwirizana."

"Unagwirizana wekha. Ine kumeneko ndikakhale ndani? Pano ndikamadutsa anthu amati Adokotala. Kumeneko ndikakhala mwamuna wa Injiniya, wonyamula chikwama. Anzako aja akabwera kunyumba mumalankhula zinthu zoti ine ndimangoseka osamva. Ukuganiza kuti sindimaona momwe amandiyang'anira?"

"Ndiye munasankha kuti ndidziwike kuti ndine wakuba?"

"Zikanaiwalika. Ukanalira mwezi umodzi, n'kubwerera kufakitale, tikanakhala ngati kale."

"Nanga Magalasi?"

Anatambasula manja. "Iyeyo akanakhala ndi digiri yake. Zonse zikanayenda bwino, ukanapanda buku lako lija."

Ndinawayang'ana manja amenewo, manja amene ndinkawanyadira. Ankawotcherera mabolodi anga Lamlungu lija akudziwa kale kuti limodzi alitenga? Ndinafunsa. Anati ayi, maganizo anabwera pambuyo pake, Magalasi atalira kukhitchini. Mpaka lero sindidziwa ngati zili zoona, chifukwa bolodi linasowa mtsikanayo asanalire.

Ndinkayembekeza kuti ndikalipa, ndiswa zinthu. Sindinatero. Ndinangomva kutopa kwa munthu amene wanyamula katundu ulendo wautali n'kupeza kuti si wake. Madzulo omwewo ndinatenga zovala zanga ndi mabolodi anayi aja n'kupita kwa amayi. Ankhoswe anayesa kutikhazika pansi katatu. Amalume awo anati mwamuna akachita nsanje ndiye kuti amakukonda. Ndinawayankha kuti chikondi choterecho akapatse ana awo.

9

Lolemba lotsatira ndinalembera komiti, ndinafotokoza zonse, ndi bodza langa lomwe. Anandiitana, anandidzudzula, n'kundilembera chenjezo limene lili m'fayilo yanga mpaka pano. Kwa Magalasi anafufuta mawu oti anaba, n'kumulola kudzalembetsanso pakatha zaka ziwiri. Ndinamutengera ndekha kalatayo. Anaiwerenga ali chiimire pakhomo la azakhali, n'kuipinda.

"Zikomo, asisi. Koma pamaliro a agogo posachedwapa, azimayi ankasuntha zikwama zawo ine ndikakhala pafupi. Kalata iyi mukawawerengera ndinu?"



"Ine ndinatenga chinthu osamudziwa mwini wake," anapitiriza. "Inu munamudziwa wakuba, n'kuloza ine."

Sanabwererenso ku yunivesite. Pano amaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale, ndipo tikakumana pa zochitika za pabanja amandipatsa moni wa ulemu ngati wa mlendo.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuti woipa m'nkhaniyi ndi Adokotala. Sindikukutsutsani. Anandipereka munthu amene ndinkagona naye mphasa imodzi, ndipo bala limenelo silinapole. Mukaona munthu akukuthandizani pa chinthu chimene chidzakukwezeni, musangoyang'ana manja ake, muziyang'ananso nkhope yake pamene mukukamba za tsogolo. Ine ndinkakamba ndekha zaka ziwiri osazindikira kuti mnzanga sakuyankha.

Koma Adokotala anatchera msampha wawo miyezi ingapo, pamene ine wanga ndinautchera m'kanthawi kophethira diso, kuti nditeteze ulemu wa banja limene linali litafa kale. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Kuwola sichiwoladi, koma kuthyoka chimathyoka.

Ntchito ija ndinaiyamba, ndipo kachipangizo kanga pano kali pa mapampu ambiri. Pa tsiku lolandira digiri anandipatsa makadi awiri a alendo. Limodzi ndinapatsa amayi, linalo ndinatumiza kwa Magalasi. Dzina langa litaitanidwa ndinayang'ana kumene anakhala amayi. Mpando wa pambali pawo unalibe munthu, ndipo amayi anali ataikapo chikwama chawo.